Kayezedwe ka kochi wongoyamba kumene mu mpira wa chiamerika wa m'mayunivesite

Sizoni ya mpira wa chiamerika m'mayunivesite ndi yaifupi. Timu imasewera magemu 12 okha kuchokera kumapeto kwa Ogasiti kufika kumapeto kwa Novembala, kenako ikachita bwino imapita ku bowl (gemu yapadera yotsekera sizoni) kapena ku playoff (mpikisano wochotsana wolimbirana chikho cha dziko lonse). Magemu ochepa chonchi sangakuuzeni zoona za kochi wamkulu amene sanagwirepo ntchitoyi. Wina amapambana 10 chifukwa cha anyamata amene anamusiyira mnzake, wina amagonja 6 pomwe akumanga timu bwinobwino. N'chifukwa chake chiwerengero cha magemu opambana muzichiona pomaliza, mutayamba mwapatula zimene kochiyo anazipeza, zimene zinabwera mwamwayi, ndi zimene zili m'manja mwake.

Chitsanzo chathu chikhala Marcus Freeman wa ku yunivesite ya Notre Dame ku America. Anamukweza mu Disembala 2021 ali ndi zaka 35, kochi wakale Brian Kelly atapita ku yunivesite ya LSU. Anali asanakhalepo kochi wamkulu kwina kulikonse. Ankayang'anira difensi ku Cincinnati, kenako kwa chaka chimodzi ku Notre Dame komweko.

Lembani kaye zimene anapeza

Musanaone gemu yake ndi imodzi yomwe, lembani zinthu zinayi: momwe timu inachitira m'masizoni 3 apitawo, chifukwa chimene kochi wakale anachokera, osewera oyamba angati abwerera (makamaka quarterback, woponya mpira amene amatsogolera ofensi, ndi anyamata 5 a offensive line amene amamuteteza), ndi mlingo wa magulu 4 omaliza a osewera amene anasainidwa kuchokera kusekondale. Wochoka chifukwa chothamangitsidwa kawirikawiri amasiya mabwinja. Wochoka chifukwa chokopedwa ndi ndalama amasiya timu yokhwima. Kelly anasiya timu imene inapambana magemu 11 mwa 12 mu 2021, choncho kwa Freeman kupambana 8 kapena 9 sikunali kukwera ayi, kunali kutsika pang'ono.

Amene amadumpha gawo ili amapusitsika ngati mmene zinachitikira ku Miami. Larry Coker anatenga chikho cha dziko lonse mu 2001, chaka chake choyamba, osagonja ndi kamodzi komwe. Koma anali kukolola m'munda wolima Butch Davis, kochi amene anamusiyira timuyo. Osewerawo atayamba kupita ku NFL, ligi yaikulu ya akatswiri, timu inagonja kamodzi mu 2002, kawiri mu 2003, katatu mu 2004 ndi mu 2005, ndipo mu 2006 anamuchotsa. Mbali inayo, Kirby Smart anangopambana 8 n'kugonja 5 mu 2016 ku Georgia, chaka chotsatira n'kufika mu fainolo.

Chotsani mwayi

Tengani pepala kapena spreadsheet, gemu iliyonse ikhale ndi mzere wake. Lembani mapointi, mayadi amene timu inapeza pa play iliyonse (play ndi ulendo umodzi woyendetsa mpira mpaka utaima), mayadi amene inalola pa play iliyonse, ma turnover (kulandidwa mpira ndi mdani) a mbali zonse ziwiri, ndi kusiyana kwa mapointi kumene akatswiri a zobetcha ankayembekezera gemu isanayambe. Magemu olimbana ndi matimu a FCS, omwe ndi a gulu lotsika, asiyeni pambali. Musawerengenso ma play a kumapeto pamene timu ina ili patsogolo kwambiri ndipo akusewera ndi a pabenchi okhaokha.

Mukatero, onani magemu amene anatha ndi kusiyana kwa mapointi 8 kapena kucheperapo. Amenewa amatha kutembenuka ndi play imodzi, ndipo matimu ambiri pakapita zaka amapambana pafupifupi theka la magemu otere. Kochi amene wapambana 5 mwa 6 musafulumire kumutcha katswiri. Amene wagonja 5 mwa 6 musafulumire kumutaya. N'chimodzimodzi ndi fumble. Kugwetsa mpira kapena kuugwetsetsa m'manja mwa mdani ndi luso lophunzitsika, koma ukagwa pansi, mpira wosongoka mbali ziwiri uja umadumphira kulikonse, ndipo woutola ndi wamwayi chabe. Timu imene yatola ma fumble pafupifupi onse chaka chino, chaka chamawa idzabwerera pakati.

Chimene sichinama kwenikweni ndi mayadi pa play. Timu imene imapeza yadi imodzi kapena kuposerapo pa play iliyonse kuposa imene imalola, polimbana ndi matimu a msinkhu wake, ndi yamphamvu ngakhale itagonja magemu angapo. Ngati mulibe nthawi yowerengera nokha, miyeso ya mphamvu za matimu monga SP+ ya Bill Connelly ndi FPI ya kanema wa ESPN imachita ntchito imeneyi, ndipo imaganiziranso mphamvu ya adani. Yerekezani mlingo wa timu kumayambiriro kwa sizoni ndi wa kumapeto. Timu ya kochi wabwino imakhala yakuthwa mu Novembala kuposa mu Seputembala.

Zimene zimachitika pamzere wa m'mbali mwa bwalo tsiku la gemu

Apa ndi pamene kusazolowera kumaonekera poyera, chifukwa coordinator, wothandizira kochi woyang'anira ofensi kapena difensi, amaganizira mbali yake yokha, pomwe kochi wamkulu amayenera kuona wotchi, ma timeout 3 (mipata yoimitsa gemu) a hafu iliyonse, kusintha osewera, special teams (magulu a ma play omenya mpira ndi phazi), ndi chisankho cha fourth down (mpata wachinayi komanso womaliza wopezera mayadi 10), zonsezi m'masekondi 40 a pakati pa ma play. Onerani gemu kachiwiri mutadziwa kale zotsatira, cholembera chili m'manja. Werengani ma timeout amene anawonongeka chifukwa play inachedwa kufika kapena osewera anaima molakwika. Werengani ma penalty obwera mpira usanayambe kuyenda, monga false start (kusuntha nthawi isanakwane), delay of game (kuchedwa kuyamba play) ndi kuchuluka kwa osewera m'bwalo. Amenewa si a mdani, ndi a kukonzekera. Onaninso mphindi 2 zomaliza za hafu yoyamba, pamene makochi amantha amangouza quarterback kuti agwade ndi mpira kuti nthawi ithe n'kupita kopuma ali ndi ma timeout m'thumba.

Freeman anakumana nazo pa 23 Seputembala 2023 pabwalo lakwawo, polimbana ndi Ohio State. Notre Dame inali patsogolo 14-10, mdani ali pa yadi imodzi kuti agoletse, masekondi atangotsala ochepa. Pa ma play awiri omaliza difensi ya Notre Dame inali ndi anthu 10 m'malo mwa 11, ndipo izi zinachitika atangochoka pa timeout. Chip Trayanum wa Ohio State anathamanga ndi mpira kudutsa mbali imene kunali mpata, touchdown (chigoli cha mapointi 6), gemu n'kutha 17-14. Freeman anafotokoza kuti analibenso timeout ndipo sanafune penalty pothamangitsira munthu m'bwalo mochedwa. Komatu pamalo pamenepo penalty ikanangosuntha mpira ndi theka la yadi, mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi kusowa munthu mmodzi m'bwalo. Cholakwa chake chinali pawiri: panalibe wowerenga osewera, ndipo panalibe dongosolo lokonzeratu la choti achite zikatero.

Cholakwa chotere, chikachitika kamodzi, si chifukwa chochotsera munthu ntchito. Funso ndi lakuti chabwereranso kapena ayi. Ndipo pa fourth down, yezani chisankho ndi zimene kochi ankadziwa panthawiyo, osati ndi zotsatira. Kuyesera fourth-and-1 (fourth down yotsala yadi imodzi) m'dera la mdani n'kulephera nthawi zambiri kumakhala kolondola kuposa kuchita punt (kumenya mpira ndi phazi kuupereka kwa mdani kutali), ngakhale masapota atukwane bwanji pa Facebook.

Chimene chinabwerezabwereza kwa Freeman chinali china: kugonja pakhomo kwa matimu ofooka. Mu 2022 Marshall inawachinya 26-21 patangotha sabata atagonja ku Ohio State, kenako Stanford 16-14, chonsecho sizoni yomweyo anakwapula Clemson 35-14. Mu 2024, atapambana ku Texas A&M, anabwera kwawo n'kugonja 16-14 kwa Northern Illinois. Timu imene imadzuka ikaona mdani wotchuka n'kugona ikaona wamng'ono ili ndi vuto la kukonzekera kwa mkati mwa sabata, ndipo limeneli ndi la kochi wamkulu, osati la quarterback. Aliyense woyeza mwachilungamo mu Seputembala 2024 anayenera kulemba zimenezi ngati chikaiko chachikulu. Koma anayeneranso kudikira kuti aone ngati anyamata atayirira. Sanatayirire. Sabata yotsatira anachinya Purdue 66-7, anapambana magemu 13 motsatizana, kuphatikizapo Indiana, Georgia ndi Penn State mu playoff, mpaka kugonja 34-23 kwa Ohio State mu fainolo ku Atlanta mu Januwale 2025. Gemu yotsatira manyazi imakuuzani ngati osewera akumumverabe kochi wawo.

Anthu amene amawalemba ntchito

Kochi wochokera ku difensi amaima kapena kugwa ndi munthu amene wamupatsa ofensi, ndipo wochokera ku ofensi n'chimodzimodzi mbali inayo. Freeman anakhala ndi ma coordinator a ofensi atatu m'zaka 3: Tommy Rees amene anapita ku Alabama, Gerad Parker amene anamukweza kuchokera mkati ndipo anakakhala kochi wamkulu ku Troy, kenako Mike Denbrock wochokera ku LSU. Kusinthasintha pakokha sikukuuzani kanthu. Funsani chifukwa chimene aliyense anachokera, ndiponso ngati wolowa m'malo anali woposa wochokayo kapena mnzake chabe wa kochi. Chizindikiro china chabwino n'chakuti wongoyamba kumene asaope kukhala ndi munthu womuposa zaka pantchito. Freeman anapereka difensi kwa Al Golden, amene anakhalapo kochi wamkulu ku Temple ndi ku Miami.

Osewera: kubwera kwawo ndi kukhala kwawo

Gulu loyamba limene kochi wasaina musalitengere kwenikweni, chifukwa ambiri amasaina mu Disembala iye atangofika kumene. Lachiwiri ndi lachitatu ndiwo ake. Kwa timu yofuna chikho, gwiritsani ntchito muyeso wa Bud Elliott wotchedwa Blue-Chip Ratio: mwa osewera osainidwa m'zaka 4 zapitazo, theka kapena kuposerapo akhale a nyenyezi 4 kapena 5 pa muyeso wa luso la osewera akusekondale umene umalekeza pa 5. Kwa timu yaing'ono, yerekezani ndi anzake a mu conference (ligi) yake basi.

Chiyambire transfer portal (njira yosamukira ku yunivesite ina) mu 2018 ndi ndalama za NIL (zimene osewera amapeza ndi dzina ndi chithunzi chawo) mu 2021, kusunga osewera kwafanana kulemera ndi kuwasaina. Osangowerenga ochoka, onani kuti ndani. Akachoka a pabenchi kukafuna mpata wosewera, palibe vuto. Akachoka oyamba n'kupita ku timu ya msinkhu womwewo, ndiye kuti m'nyumba muli utsi. Yang'aninso quarterback. Notre Dame inadalira obwera kuchokera kwina zaka ziwiri zotsatizana, Sam Hartman wa ku Wake Forest mu 2023 ndi Riley Leonard wa ku Duke mu 2024, ndipo funso loti angathe kulera wawowawo linayamba kuyankhidwa mu 2025 pamene CJ Carr anayamba kusewera.

Chigamulo ndi kontirakiti

Chaka choyamba muzingosonkhanitsa umboni. Chachiwiri muone komwe zinthu zikulowera. Chigamulo chenicheni chibwere kumapeto kwa chaka chachitatu, pamene osewera ambiri ndi ma coordinator ali osankha iye mwini. Dabo Swinney anagonja magemu 7 mu 2010 ku Clemson, anamusunga, ndipo anatenga zikho za 2016 ndi 2018. Mungafulumire kuchotsa kochi pokhapokha zinthu zitatu zitakumana: mayadi pa play akutsika, osewera oyamba akuthawa, ndipo zolakwa za pamzere zikubwerezedwa. Kuphwanya malamulo a NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'mayunivesite, kapena kuzunza osewera ndi nkhani ina, yosafuna kudikira.

Choopsa kwambiri si kuchedwa kuchotsa, koma kufulumira kuwonjezera kontirakiti. Notre Dame yomweyo inapatsa Charlie Weis kontirakiti ya zaka 10 mu 2005 atangotsogolera magemu 7, pogwiritsa ntchito osewera ngati Brady Quinn amene anawasaina kochi wakale Tyrone Willingham. Mu 2007 timu inapambana magemu 3 okha, mu 2009 anamuchotsa, ndipo yunivesite inamulipira pafupifupi madola 19 miliyoni kwa zaka zingapo iye atapita kale. Freeman anamuwonjezera mu Disembala 2024, atamuona masizoni 3. Ngati timu ina ikumunyengerera kochi wanu nthawi isanakwane, mukwezereni malipiro ndi ndalama zolembera othandizira, koma zaka muwonjezere chimodzi kapena ziwiri basi. Mukontirakitimo mukhale mfundo yoti akachotsedwa n'kupeza ntchito kwina, malipiro atsopanowo azichotsedwa pa ndalama zimene mukumulipirabe, ndipo iyenso akafuna kuchoka yekha pakhale ndalama zoti timu yomutengayo ikulipireni.