Ubongo wa mwana umafuna chakudya ndi macheza

Makolo a mu Lilongwe, ubongo wa mwana umakula mofulumira kwambiri m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pomwe mayi watenga pakati mpaka mwana atakwanitsa zaka 2. Miyezi 6 yoyamba, bere lokha. Ikatha, phala lisakhale lamadzimadzi: thiranimo nsinjiro, dzira kapena usipa wosinja, chifukwa mwana wochepa magazi amachedwa kugwira zinthu m'mutu. Tiyi musam'patse, amalepheretsa thupi kutenga m'chakudya ayironi, yemwe amathandiza kupanga magazi. Mchere ukhale wa ayodini, wosungidwa m'botolo lotseka bwino.

Koma kukhuta kokha sikukwanira. Mwana akati "ba-ba", muyankheni, dikirani ayankhenso, chifukwa kusinthana mawuku ndiko kumalumikiza minyewa ya chilankhulo. Mukam'bereka popita kumsika wa Kawale, muzimutchulira matimati, minibasi, nkhuku. Foni siyankha mwana, choncho musam'siyire asanakwanitse zaka 2.