Kukonzekeretsa galimoto tsiku lokathamanga pabwalo la kalabu

Mwafunsa kuti galimoto yanu yoyendera tsiku ndi tsiku muikonze bwanji. Mukhale ndi helimeti, geji ya mpweya wa m'matayala, mafuta a mabuleki a DOT 4 ndi madzi akumwa ambiri, chifukwa dzuwa la Lilongwe mu Okutobala silichita masewera.

1. Kudakali masiku angapo, sinthani mafuta a mabuleki. DOT 4 yatsopano siwira mpaka madigiri 230, koma yakale yomwe yamwa chinyezi imatha kuwira pa 155, pedulo n'kungofewa ngati siponji mukulowa pakona.
2. Onani mapadi ndi matayala, mangitsani manati.
3. Chotsani m'galimoto jeke, makapeti ndi mabotolo. Kabotolo kamodzi kakagubuduzikira pansi pa pedulo, zavuta.
4. Msonkhano wam'mawa wa oyendetsa, wofotokoza malamulo a pabwalo, musaujombe. Mbendera yachikasu ikutanthauza chepetsani liwiro, osapitirira mnzanu. Yofiira, kuthamanga kwaimitsidwa.
5. Mpweya muziyeza mukangotuluka pabwalo, matayala akadali otentha, poti umakwera.
6. Ambiri amalakwitsa apa. Musanaime, zungulirani kamodzi pang'onopang'ono kuti mabuleki azizire. Mukaima musakoke handibuleki, mapadi otentha amakakamira pa disiki. Zimitsani injini, siyani galimoto m'giya pamalo athyathyathya.