Mmene Mungasungire Chikhulupiriro Chanu pa Ntchito Yampikisano

Pamalo pamene antchito amalimbirana maudindo, ndalama zowonjezera ndi diso la bwana, munthu sataya chikhulupiriro chake tsiku limodzi. Zimayamba ndi tinthu tating'ono, monga kusintha deti pa lisiti, kukuza manambala mu lipoti la pamwezi kuti dipatimenti ioneke ngati yakwaniritsa cholinga chake, kapena kungoyang'ana pansi pamene mnzanu akunamiziridwa pa msonkhano.

N'chifukwa chake muyenera kudziikira malire chiyeso chisanafike. Lembani zinthu zingapo zimene simudzachita ngakhale zitavuta bwanji: kulandira ziphuphu, kusaina chikalata chimene mukudziwa kuti n'chabodza, kuipitsa mbiri ya mnzanu kuti mpando ukhale wanu. Amene amayamba kuganiza za malire ake bwana ataima kale pafupi ndi tebulo, pepala ndi cholembera zili m'manja, kawirikawiri amasaina.

Kukana nakonso kumafuna luso, ndipo pamenepa ndi pamene anthu ambiri achikhulupiriro amalakwitsa. Bwana akanena kuti, "Ingosainani, zinazo tidzakonza," musayambe kumulalikira kapena kumutchula kuti ndi wachinyengo pamaso pa ena, chifukwa munthu amene wachititsidwa manyazi samvanso mfundo. Yankhani mwaulemu, ndipo muonetse njira ina: "Bwana, ndipatseni mpaka mawa m'mawa ndiwerengenso, ndipo ngati taperewera, tilembe chifukwa chake." Mukatuluka, tumizani imelo yachidule yofotokoza zimene mwagwirizana, kuti nkhani ikadzabuka pambuyo pake pakhale umboni wa zimene munanena.

Za masiku opembedza kambani msanga, makamaka mutangolembedwa ntchito. Msilamu wofuna nthawi ya pemphero la Lachisanu masana, wa mpingo wa Seventh-day Adventist amene sagwira ntchito kuyambira kulowa kwa dzuwa Lachisanu mpaka kulowa kwa dzuwa Loweruka, ndi Mkhristu wopemphera Lamlungu, onsewa amamvedwa mosavuta akabwera ndi dongosolo losinthana ndi anzawo kapena lobweza maola. Pangano la nambala 111 la bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la International Labour Organization, la m'chaka cha 1958, limaletsa tsankho pa ntchito chifukwa cha chipembedzo. Komabe malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho werengani kontirakiti yanu ndi malamulo a ntchito a kumene muli musanayambe kudandaula.

Kumbukiraninso kuti mawu anu amalemera malinga ndi ntchito yanu. Wochedwa tsiku ndi tsiku akakana chinyengo, anzake amati ndi ulesi chabe wobisala m'chipembedzo, pamene wakhama amamvedwa ngakhale ndi amene sakumukonda. Kufuna kukwezedwa si tchimo. Pikisanani ndi luso, kusunga nthawi ndi kuphunzira zatsopano, ndipo mnzanu akathandiza, mutchuleni dzina pamaso pa mabwana.

Nthawi zina kukana kudzakutayitsani udindo umene mumayembekezera, ndipo ndi bwino kukonzekeratu. Sungani ndalama zoti zingakusamalireni miyezi ingapo, khalani ndi munthu wokhwima maganizo wa kunja kwa ofesi amene mungamufunse nzeru, ndipo chinyengo chikakula, kanenani ku ofesi yoona za antchito kapena ku bungwe la boma lolimbana ndi katangale, mutatenga zikalata ndi madeti ake.