Kusintha ndi kulemba zipangizo za makina a VirtualBox

Mwafunsa momwe mungadziwire zipangizo zimene VirtualBox (pulogalamu yopangira makina ongoyerekeza, amene amagwira ngati kompyuta ina mkati mwa kompyuta yanu) yakusankhirani yokha, komanso momwe mungazisungire kuti mawa musaiwale. Dziwani kaye kuti imasankha potengera mtundu wa OS (pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, monga Ubuntu kapena Windows) umene mwatchula popanga makinawo. Mukasankha Ubuntu, imaika VMSVGA yoyendetsa zithunzi, pamene Windows 10 imaipatsa VBoxSVGA.

Choyamba zimitsani makinawo kwathunthu. Akakhala pa Saved State (ataimitsidwa chabe n'kusungidwa momwe analili), zambiri sizilola kusinthidwa.

Musanakhudze kalikonse, tsegulani terminal (zenera lolembamo malamulo) pa kompyuta yanu yeniyeniyo ndipo lembani VBoxManage showvminfo "Ubuntu" --machinereadable > poyamba.txt. Pamene pali "Ubuntu" ikanipo dzina limene munapatsa makina anu; lamuloli limalemba zipangizo zake mu fayilo ya poyamba.txt. Sitepe imeneyi ndimaiumirira kwambiri, chifukwa zinthu zikasokonekera, fayiloyi ndi imene ikuuzeni momwe zinalili. M'fayilomo muli RAM, ma CPU, disiki, mawu ndi netiweki, chilichonse pamzere wake.

Kenako sinthani chinthu chimodzi chimodzi. Ambiri amakakamira pa netiweki: imabwera pa NAT (njira imene makinawo amalowera pa intaneti atabisala kuseri kwa kompyuta yanu), makinawo n'kulandira adiresi ya 10.0.2.15. Intaneti imagwira bwinobwino, koma kompyuta ina ya mu ofesi momwemo singawaone. Mukafuna kuti aoneke, pitani ku Settings, Network, musankhe Bridged Adapter ndi khadi ya netiweki imene kompyuta yanu ikugwiritsadi ntchito. Zithunzi zikamadodoma, ikani memori ya zithunzi pa 128 MB polemba VBoxManage modifyvm "Ubuntu" --vram 128.

Yatsani, yesani, zimitsaninso. Tulutsani fayilo ina ndi lamulo la showvminfo lija, muitche tsopano.txt, ndipo muyerekeze ziwirizo ndi diff, lamulo loonetsa mizere imene yasiyana.

Pomaliza, mu bokosi la Description la mu Settings lembani tsiku, chimene mwasintha ndi chifukwa chake, kuti mnzanu wodzagwira makinawo asavutike.