Kuyamba kujambula ndi filimu ya 120: yambani ndi kamera imodzi, filimu imodzi

Kampani ya Kodak inatulutsa filimu ya 120 m'chaka cha 1901, ndipo ikupangidwabe mpaka lero. Ndiyo imalowa m'makamera otchedwa medium format. Ubwino wake uli pa kukula kwa negetivu, kachithunzi kamene kamatsala pa filimu ikatsukidwa. Filimu wamba ya 35mm imapereka kachithunzi ka mamilimita 24 kwa 36, pamene kamera ya 6x6 (manambalawa ndi kukula kwa kachithunzi m'masentimita) imapereka mamilimita 56 mbali zonse, kukula koposa katatu. Mukachikulitsa chithunzicho, makwinya a pankhope ndi ulusi wa chitenje zimaonekabe bwinobwino.

Koma dziwirenitu kuti mpukutu umodzi sutenga zithunzi zambiri: 12 pa 6x6, 10 pa 6x7, 8 zokha pa 6x9. Pachifukwa ichi, musathamangire kugula zida zambiri. Ine ndimalangiza woyamba kumene kuti apeze kamera ya malenzi awiri, monga Yashica Mat-124G kapena Rolleicord. Shata yake, kachitseko kamene kamatseguka kuti kuwala kufike pa filimu, sifuna batire, ndipo ndi yopepuka. Mamiya RB67 ndi kamera yabwino kwambiri, koma imalemera makilogalamu oposa awiri, ndiye ambiri amangoisiya kunyumba. Chimodzi chidzakusokonezani poyamba: mukawerama kuyang'ana pagalasi lapamwamba, chakumanja chimaoneka kumanzere. Mtima pansi, manja amazolowera.

Makamerawa ndi akale, choncho musapereke ndalama musanawayese. Tsegulani kumbuyo, lozetsani lenzi kowala, muone ngati mulibe nkhungu yooneka ngati ukonde wa kangaude. Ikani shata pa sekondi imodzi, mumvetsere ngati ikutseka pa nthawi yake kapena ikukakamira. Onaninso siponji ya m'mbali mwa chitseko, chifukwa ikafumbutuka kuwala kumalowa n'kuwononga filimu.

Pamene ambiri amatayira ndalama ndi poika ndi pochotsa filimu, ndiye apa tcherani khutu. Filimu ya 120 ilibe chikasa chachitsulo ngati ya 35mm. Chimene chimaiteteza ndi pepala lokha limene yakulungidwa nalo. Ikani filimu muli pamthunzi, osati padzuwa. Spool (kachokulungirapo filimu) yopanda kanthu imene yatsala m'kamera musaitaye, isamutsireni mbali inayo kuti filimu yatsopano izikulungikira pamenepo. Lowetsani nsonga ya pepala mowongoka, pukusani pang'onopang'ono mpaka mivi ya papepala ifanane ndi chizindikiro cha m'kamera, kenako tsekani. Ngati kamera yanu ili ndi kazenera kofiira kumbuyo, mumawerenga manambala pamenepo, ndipo mukatha katsekeni. Zithunzi zikatha, pukusani mpaka pepala lonse likulungike, gwirani mpukutu mothina ndi chala, matani ndi kapepala kake. Mpukutu wolenda umalowetsa kuwala m'mbali, ndipo zimenezi zilibe mankhwala.

Pa filimu, sankhani mtundu umodzi wakuda ndi woyera wa ISO 400 (ISO ndi muyeso wa mmene filimu imamvera kuwala), monga Ilford HP5 Plus kapena Kodak Tri-X, muugwiritse ntchito mpaka muudziwe. Imeneyi imakhululuka mukaphonya pang'ono poyeza kuwala. Dzuwa likawala bwino, ikani kabowo ka lenzi pa f/16 ndi liwiro la shata pa 1/500 ya sekondi. Pamthunzi tsegulani kabowoko kufika f/5.6. Pulogalamu yoyeza kuwala ya pafoni imathandizanso. Lembani m'kope zimene mwachita pa chithunzi chilichonse, kuti negetivu ikabwera muone pamene panalakwika.

Kwathu kuno mdani wamkulu ndi kutentha ndi chinyezi. Filimu yosiyidwa m'galimoto mwezi wa Okutobala imawonongeka. Isungeni mufiriji itamatidwa m'pepala lake lonyezimira, ndipo mukaitulutsa dikirani ola limodzi kapena awiri musanaitsegule kuti isachite thukuta. M'nyengo ya dzinja kamera isakhalitse m'chikwama chachikopa, chifukwa m'menemo ndi mmene nkhungu imamera. Ngati wachibale akukubweretserani filimu pandege, apemphe ofufuza katundu kuti aiyang'ane pamanja, popeza makina atsopano a CT ounikira katundu m'mabwalo a ndege amaiwononga.

Musanajambule n'komwe, funsani kumene mudzatsukitse, pakuti si aliyense wotsuka 35mm amene amalandira 120. Yakuda ndi yoyera mungathe kutsuka nokha ndi kathanki kakang'ono ndi thumba lakuda losalowa kuwala. Mankhwala ake amafuna madigiri 20, ndipo madzi a pampopi a ku Mangochi kapena ku Nsanje nthawi yotentha amapitirira pamenepo, choncho aziziritseni ndi ayezi, muyeze ndi thermometer musanathire m'thanki.