Ongoyamba kumene poker saopsezeka

Loweruka madzulo timasewera poker ya Texas Hold'em ku Chibavi, ya ndalama zochepa, K200 kapena K500 basi. Anzanga ambiri angoyamba kumene, koma ndalama zanga zinkathera kwa iwo omwewo. Vuto linali bluff, kuponya ndalama ulibe makhadi abwino n'cholinga choopseza anzako kuti athawe. Wongophunzira sathawa ukamuopseza. Ngakhale ali ndi peyala (makhadi awiri a nambala imodzi) ya ma 4, amatsatirabe mpaka khadi lomaliza poti akufuna adzionere yekha.

Ndiye kuopseza ndinakusiyiratu. Makhadi ofooka ndimataya msanga, makamaka ndikakhala woyamba kuponya ndalama. Ndikagwira zamphamvu, monga peyala yapamwamba ndi Ace (khadi lalikulu kwambiri) pambali, sindibisa ayi: ndimaika magawo awiri mwa atatu a ndalama zimene zili patebulo, ndipo amalipira ndithu. Wodikira khadi limodzi kuti akwanitse flush (makhadi asanu a mtundu umodzi) pambuyo pa flop (makhadi atatu oyamba kuyalidwa patebulo) ali ndi makhadi 9 omuthandiza. Mwayi wake ndi pafupifupi 35 peresenti pa makhadi awiri otsalawo, koma pa lotsatira lokha sufika 20. Woteroyo sindimulola kuona khadi mwaulere.

Pali achimwene ena ofatsa amene amangotsatira usiku wonse. Iwowo akakweza mwadzidzidzi, ndimaika makhadi pansi nthawi yomweyo, chifukwa amakhala agwiradi chinthu. Ndalama yosewerera ndimaipatuliratu kunyumba, ikatha ndimanyamuka.