Thupi likazizira pa dengue, musati wachira

Mvula ya chaka chino ndaona cholakwika chimodzi chikubwerezedwa pakati pa anzathu opita ku Dar es Salaam kukaoda katundu ku Kariakoo. Munthu wabwerako thupi likutentha, mutu ukuwawa kumbuyo kwa maso, mafupa akuphwanya. Amuyeza malungo, sanapezeke. Komabe amakagula LA, poti kwathu kuno kutentha thupi kulikonse timati malungo. Tsiku lachinayi thupi likazizira, achibale amati mankhwala agwira, munthu n'kubwerera kumsika kukatsegula mabelo.

Ngozi yagona pomwepa, poti matendawo akhoza kukhala dengue. Dengue, amene amafalitsidwa ndi udzudzu wa Aedes woluma masana, amaopsa kwambiri thupi likayamba kuzizira, pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri. Kwa maola 24 mpaka 48, mwa odwala ena mitsempha imachucha madzi, omwe amakadzaza m'mimba ndi m'chifuwa. Magazi otsalawo sayendanso bwino. Manja ndi mapazi zimazizira, ndipo kuzizira komweko n'kumene achibale amakondwera nako! Wofika kuchipatala msanga, n'kuikidwa diripu moyenera, kawirikawiri amachira. Pa odwala 100 osamalidwa bwino, omwalira safika ndi mmodzi yemwe. Wochedwa amafika atakomoka kale. Ku Bangladesh mu 2023 matendawa anapha anthu oposa 1,700.

Ndipo inu oyenda pafupipafupi, musamati "ndinadwalapo kale". Kachilombo ka dengue kali mitundu 4. Wodwala kachiwiri ndi mtundu wina ndiye amakhala pachiopsezo chachikulu, limodzi ndi amayi oyembekezera, makanda, okalamba ndi odwala shuga. Dar es Salaam inavutika ndi dengue mu 2014 ndi 2019, Pemba ndi Nampula ku Mozambique mu 2014. Si nkhani yachilendo m'njira zathuzi.

Mlimi wina wa mpunga ku Karonga anandifotokozera za mnyamata wake amene anapita ndi malole kutsidya. "Alangizi, ine ndinkati akangotuluka thukuta ndiye basi, atha malungo. Ndinamupatsa brufen kuti mafupa aleke kuwawa, n'kumusiya ndikupita kukawokera." Madzulo anamupeza akusanza, nkhama zikutuluka magazi. Mnyamatayo anapulumuka, koma matumba a mpunga amene bamboyo ankasungira feteleza anathera pa galimoto ya hayala ndi kudikirira matenda. Brufen, asipirini ndi diclofenac zimawonjezera kutaya magazi, koma anthu samva, zili m'chikwama chilichonse.

Zochita n'zochepa. Panado yekha, madzi ambiri ndi ORS. Muuzeni dokotala kumene mwayenda, ndipo apime magazi kangapo, osati kamodzi: ma platelet (tizigawo tothandiza magazi kuundana) akamatsika msanga pomwe haematocrit (muyeso wa maselo ofiira m'magazi) ikukwera, wodwalayo ayenera kugonekedwa. Kupweteka kwambiri m'mimba, kusanza kosalekeza, magazi m'mphuno kapena m'nkhama, chimbudzi chakuda, kufooka kapena kusakhazikika, thamangani naye usiku womwewo. Matayala akale ndi zitini zosunga madzi pakhomo, momwe udzudzuwu umaswana, mukudziwa kale chochita nazo.